Ndadula Matayala Onse

14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka, koma mtima wanga suli m'malo. Kalatayi ndapatsira mwana wanu Sipanala, ndiye pamene mukuwerengapa ali chilili pamaso panu ndi kachikwama kake. Mpatseni kaye madzi akumwa, musamufunse kanthu mpaka mufike kumapeto.

Mukudziwa kuti ine ndi Chingerezi tinatsanzikana kalekale ku pulayimale. Koma sabata yathayi ndaphunzira liwu limodzi, ndipo bola ndikanafa osalidziwa.

Lachiwiri ndikumata chubu cha njinga yamoto, anafika wapampando wa achitetezo a mumsika. Mafoni akhala akusowa m'matumba mwa anthu, ndipo zala zikuloza mwana wanuyu. Bamboyo anandipatsa moni bwinobwino, n'kutsamira mulu wa matayala akutha umene ndimaunjika pakhomo pa shedi kuti madalaivala aziona patali kuti pano timamata.

"Bambo a Sipanala," anatero, "anyamata atopa naye mwana wanu. Akuti akamugwira amuveka nekilesi."

Ananena akumwetulira, uku akusisita tayala la pamwamba. Ine ndinalumbira kuti mwana wanga si wakuba.

Nekilesi imene ndinkaidziwa ndi ija amavala m'khosi mlamu wanu popita ku ukwati. Nditafika kunyumba ndinafunsa mtsikana wathu wa ku sekondale uja. Anasiya mbale imene ankatsuka n'kundiyang'ana.

"Ababa, mwazimva kuti zimenezo?"

Kenako anandimasulira. Akuti ndi mmene amatchulira pa Chingerezi akagwira munthu, kumukoleka tayala m'khosi, kuthira petulo, n'kuyatsa machesi. Akuti liwuli lilimo ndi m'mabuku omwe.

Zowotcha akuba ndinkazimva, achemwali, sindine mwana. Chandiwawa n'chakuti chinthu chotere anachipezera dzina lokongola. M'chinenero chathu ukati "tiyeni tiwotche munthu", lilime limalemera, wina amakugwira mkono. Koma ili ndi liwu lopepuka, munthu amalinena akutafuna chingamu. Makutu atatseguka chonchi ndikulimva paliponse. Makondakitala amaopsezana nalo moseka, ndi ana omwe akalimbana pa mpira.

Lachinayi kunabwera mnyamata wina amene alibe ndi wilibala yomwe, akuti akufuna tayala lakutha.

"La galimoto yanji?" ndinamufunsa.

"Lililonse madala, bola bowo likhale lalikulu."

Ndinamuthamangitsa ndi chitsulo chosomolera matayala. Atapita ndinatenga mpeni ndi sowo, n'kuyamba kudula mulu wonse, tayala lililonse pawiri. Mawaya a m'kati anandicheka manja, n'chifukwa chake zilembo zanga zikupendama chonchi. Mlamu wanu atabweretsa chakudya chamasana anaima n'kugwira m'chiuno.

"Inu abambo, mutu ukuyenda bwino? Mukuyesa m'tauni yonse ino matayala ali ndi inu nokha?"

Ankanena zoona, koma sindinaleke. Ndinati mumtima, zikavuta zivute, koma mwana wanga asavekedwe tayala la bambo ake.

Iye atabwerera kunyumba ndinafika pa tayala la lole limene linali pansi penipeni. Nditaligubuduza munagwa jumbo, ndipo m'jumbomo munali mafoni. Ina inali ndi chithunzi cha khanda kumbuyo kwake. Ndinangokhala pansi, pa oyilo pomwepo. Nthawi yonseyi ndinkatukwana anthu kuti akunamizira mwana wanga, chonsecho katundu wawo ali pamphuno panga.

Sipanala nditamuonetsa jumboyo anangoti, "Pepani ababa," ndi timawu ta kamwana, ndipo ndinalephera ngakhale kumuwomba khofi. Mafoniwo ali m'bokosi la zitsulo. Ndikawabweza ndiye kuti ndamupereka ndekha kwa anyamata aja, ndikawasunga ndiye kuti tikubera limodzi. Mpaka pano sindikudziwa chochita, ndipo mayi ake sindinawauze.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali: mulandireni. Sindikubisirani, mwanayu ndi wakuba, mawa musadzati mlongo wanu anakuponyerani njoka m'nyumba. Foni zanu muzisunga bwino. Alamu amupatse khasu kapena ntchito iliyonse yoti pofika madzulo azingogwa ndi tulo. Akalakwa mulangeni, ndi magazi anu omwe, koma musamutaye.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mlamu wanu akupereka moni, iye ndamuuza kuti mwana wapita kukakuthandizani kumunda ndipo abwera mukakolola. Musadzamulole mwanayo kubwerera kuno. Akalira kuti wasowa kwawo, musiyeni alire. Ngakhale tsiku lina mudzamve kuti ine ndatsikira kuli chete, mudzabwere nokha kudzandiika, iyeyo adzatsale.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a Sipanala