Mwendo wa Ababa Uli Panjira

Ku Mangalande,
Okutobala 1990

Okondedwa Achemwali a Zaina,

Asalamu aleikum. Muli bwanji kumeneko ku Kalembo, inu, alamu ndi ana? Nanga ababa akudzuka bwanji? Ine kuno ndili bwino, kungoti ndaferedwa buluku.

Ndifotokoze za malirowo. Mayi Joanna, amene amatiyang'anira pantchito yopanga miyendo ya anthu oduka, anandifunsa kuti bambo anga amagwada bwanji poswali kumzikiti, popeza iwo anazolowera kupangira anthu ofuna kuyenda basi. Ine, mwana wa Msilamu, ndinati ndiwaonetse. Ndinagwada, ndikuwerama, ndipo buluku lija ndinagula ku Balaka linang'ambika kumbuyo ndi phokoso loti anzanga onse anatembenuka. Mayiwo anangoti amvetsa, kenako anandibwereka jasi. Musawauze ababa. Anena kuti buluku lozolowera swala siling'ambika.

Chikombole cha pulasitala chija munaumbitsa kuchipatala pa mwendo wa ababa chinafika bwino ndi msuweni wathu a Sidik, atabwera kudzaphunzira za sitima. Anachikulunga m'chitenje chanu, ndipo amachinyamula ngati khanda.

Paja munafunsa kuti kompyuta ingapange bwanji mwendo. Imvani. Makina ena amayeza chikombolecho mozungulira n'kupereka manambala. Kompyuta imatenga manambalawo n'kujambula mwendo pa galasi ndi timizere tobiriwira tolukana, ngati mono wa ababa. Ukhoza kuutembenuza, kuuona chammbali, ngakhale kusuzumira m'kati. Pamene timizere takumana pamakhala ngati mfundo za ukonde. Ukakoka mfundo imodzi, zoyandikana nazo zimatsatira pang'onopang'ono, chifukwa masamu amene ali m'katimo salola kuti pakhale pakuthwa. Ntchito yanga ndi yomweyo. Pamene pali fupa ndimakokera kunja kuti lipeze malo, pamene pali mnofu ndimakankhira m'kati kuti pasenze thupi. Ndikamaliza, makina ena amasema, n'kuumbapo chikho cha pulasitiki cholowamo mwendo wotsalawo. Masamu aja munkati sadzandidyetsa, ndi amenewa.

Achemwali, ine ndinachoka ng'ona isanawagwire ababa ku Shire. Inu ndi amene munatsuka bala, ine ndinangowerenga m'kalata. Tsono tsiku limene ndinaona mwendo wawo koyamba, ndinauona pa galasi, ukuzungulira wokha. Ndinautembenuza mpaka ndinafika pamene unathera. Ndinatuluka panja. Ndapanga miyendo ya anthu ambiri popanda vuto, koma uwu ayi.

Pamene panandisautsa ndi kuseri kwa bondo. Mkombero wa chikho ukakhala wautali pamenepo, umagwira bwino poyenda, koma munthu akagwada umaluma. Ukakhala waufupi, bondo limapinda lonse, koma mwendo umatha kukhwepa, ndipo mchenga wa njira yathu ija mukuudziwa. Munandilembera kuti ababa anasiya kupita kumzikiti chifukwa amachita manyazi kukhazikidwa pampando anzawo ali chipumi pamkeka. Mawu amenewo amandiuza kuti nditsitse. Koma ndikaganiza za iwo atagwa panjira, ndimakwezanso. Vuto la kompyuta ndi loti siikukaniza. Wosema bwato akalakwitsa, walakwitsa, amapitirira. Ine ndimatha kubweza chilichonse, ndiye ndinangokhalira kubweza.

Nthawi yonseyi a Sidik anali pakhomo panga. Maphunziro awo anatha kalekale, anzawo anakwera ndege, iwo anakasinthitsa tikiti. Anati ababa anawauza kuti asaponde pa Liwonde opanda mwendo, ndipo iwo si munthu wonyoza malume awo. Amagona pansi m'kachipinda kanga, amadya mpunga wanga uku akuunyoza kuti ulibe fungo, ndipo m'mawa uliwonse moni wawo unali wofunsa ngati watha. Kenako anayamba kundiperekeza kuntchito. Amakhala kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi, n'kumaonerera mfundo ija ikukwera ndi kutsika. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, koma mame a kuno sauma chifukwa kulibe dzuwa.

Tsiku lina anaika kapu pansi n'kundigwira paphewa. "Uladi, kompyutayi sitopa, koma ababa akukalamba."

Ndinatsitsa mkomberowo. Mayi Joanna anayang'ana, nati tiwonjezere lamba womanga pamwamba pa bondo kuti mwendo usavuke, ndipo tinatumiza kokasema tsiku lomwelo, ndisanasinthenso maganizo.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo musaseke. Ababa akayamba kuuvala, tengani zopaka kumilomo zanu zija mumabisa m'chikwama. Akayenda pang'ono, avule, muone pamene khungu latupa kapena pamene akudandaula. Pakanipo, avalenso, ndipo chizindikiro chidzatsala m'kati mwa chikho. Muyeze ndi tepi ya telala kuchokera pa mkombero, mundilembere, munenenso ngati ndi kutsogolo kapena chammbali. Mawonekedwe a mwendowo akadali m'kompyuta, ndiye ndidzangokoka pamenepo n'kupanga chikho china. Ndikudziwa kuti ababa adzakana n'kumati sakumva kuwawa paliponse. Musawakhulupirire. Mudzawauze kuti walamula ndi dokotala, musatchule ine.

A Sidik anyamuka lero. Anayamba ametetsa kaye tsitsi, kuopa lumo lometera amuna atsitsi lalitali pabwalo la ndege kwathuko. Anatsanzika, nabwerera kudzatenga ambulera. Anatsanzikanso, nakhala pansi kuti amwe tiyi wa panjira. Mwendo anakana kuuika m'sutikesi, anati ukhala pamiyendo pawo mpaka kufika. Tauveka nsapato yatsopano. Inzake ili m'chikwama chawo, ndipo muwakumbutse msanga chifukwa saizi yake ndi yawo yomwe. Ndinaima pakhomo mpaka basi inakhota, kuopa kuti angatsikenso. M'kachipindamu mwakula, ndipo ndaphika mpunga wa anthu awiri mosazindikira.

Mupereke moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Nselema, kwa amalume, ndi kwa ana onse. Amene akuwerenga kalatayi panjira isanakupezeni, nawonso alandire moni. Ababa muwagwire dzanja m'malo mwanga. Ijuma yoyamba musawakakamize kupita kumzikiti, ayambe ayesera m'nyumba, inu muli pafupi. Koma tsiku limene chipumi chawo chidzafike pamkeka, Insha Allah, musadikire kuti papezeke nkhani zina. Mudzandilembere mzere umodzi womwewo.

Ndine mlongo wanu,
Uladi