Nyumba Yathu Ilibe Masitepe

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ndi banja lonse. Kuno tilipo. Chikhakha anachotsa Lachiwiri. Fupa la msongolo lagwirana, koma kamwendo katsala kowonda ngati mpini wa tsache.

Mayi wophunzitsa mafizo kuchipatala wandiletsa kudumpha ndi kuthamanga. Akuti ndizikhala pampando n'kumalemba zilembo m'malere ndi chala cha kuphazi, kuti pakakolo pafewe. Ine ndimalemba dzina la alamu anu, amuna angawa, kenako ndimalidula pakati. Kakhumi m'mawa, kakhumi madzulo. Mayiyo akuti sanaonepo wodwala wakhama ngati ine.

Anandipatsanso lamba wa mphira woti ndizimangirira kumwendo wa bedi n'kumakoka. Ndadula kale awiri. Njinga ya kuchipatala yopalasa pamalo amodzi ndimaipalasa mpaka kulira. Mabotolo a mchenga ndimanyamula ndili chikhalire, ndipo dzana pilo anaphulika ndi chibakera chimodzi, thonje mbwee chipinda chonse.

Alamu anu akuuzabe anthu kuti ndinagwa pa masitepe. Achimwene, nyumba ino munagonamo. Masitepe munawaona?

Dzulo anandipeza ndikukoka lamba, n'kuseka. "Ukufuna kuyamba nkhonya, wopunduka iwe?"

Ndinati, "Ayi bambo, ndi mafizo chabe."

Chitsulo chimene anandithyolera mwendo chija anachibwezera kuseri kwa chitseko, pamalo pake pa nthawi zonse. Ine ndachisuntha.

Amayi musawauze kanthu, mtima wawo mukuudziwa. Koma inu bwerani ndisanataye ndodozi, chifukwa tsiku limene ndidzaime ndi miyendo iwiri, muno wina adzatuluka atanyamulidwa, ndipo ulendo uno sindine.

Ndine mlongo wanu womaliza uja.