Chithunzi cha Bambo Chinagwa ndi Chivomezi

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija ikukulolani kuyenda. Ife kuno tadzuka, ndipo sabata ino kudzukako sindikukuona ngati nkhani yamasewera.

Lachiwiri m'mawa ndikusita, kunabwera chivomezi. Pansi panalira ngati pakudutsa chilole, makapu n'kumagundana okha m'kabati. Azakhali, ndinaona ndi maso angawa khoma la njerwa likugwedezeka ngati nsalu pachingwe! Chithunzi chachikulu cha malemu bambo, chomwe munajambula ndi manja anu, chinadumpha pamsomali n'kugwera pampando pomwe ndimagoneka mwana. Magalasi anangoti mbwee. Mwanayo anali kumbuyo kwanga, chifukwa tsiku limenelo anakana kutsika.

Dzulo kunabwera akalipentala. Anaugwira msomali uja n'kupukusa mutu: "Mayi, umodzi wopindikawu, zaka zonsezi?" Aboola khoma lina, kutali ndi mipando, n'kumangirira chithunzicho pa zokowera ziwiri zotseka. Galasi ati tisabwezeremonso.

Nkhope ya bambo sinakandike n'komwe. Koma pakhoma pomwe chithunzicho chinali paja paoneka mng'alu wolowa chala. Apongozi anu, bambo a mwanayu, akuti ndisakuuzeni kaye. Kodi m'chipinda chanu chakuseri chija mukugona munthu? Ndangofunsa.

Ndine mwana wanu.