Ana a Don Eusebio

Okondedwa Azakhali Nenita,

Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kutupa. Kuno ku Manila ndili bwino. Ntchito ndi yomwe ija, kufufuza anthu olemera oti yunivesite ikawapemphe thandizo.

Sabata yatha anandipatsa dzina la Don Eusebio Villaruel, mwini minda ya nzimbe kwathu ku Negros, uja amayi ankamuchapira zovala ndisanabadwe. Chithunzi chake ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Mphuno imeneyo, azakhali, ndimaiona pagalasi tsiku lililonse.

Abwana anandifunsa, "Mkuluyu ali ndi ana angati? Paja iwe suphonya."

"Atatu, bwana," ndinatero, monga imanenera nyuzipepala. Anandiyamikira.

Amayi musawauze. Ndibwera pa Khirisimasi, koma ulendo uno musadzandiuzenso kuti bambo anga anamira m'nyanja.

Ndine mwana wanu,
Marilou