Chikho cha Agogo Mathurin

Trois-Rivières

Okondedwa achimwene Toussaint,

Kuno kwacha ndi kamvula kowaza, ndipo madzi oundana a mumtsinje asweka sabata yatha. Ndikulemba m'mawa uno bambo asanayatse moto wa m'chipala. Kaya muli bwanji ku Detroit? Chifuwa chija chinatha? Ife tili bwino, kungoti maso a bambo akunka nachita mdima. Masiku ano tupa amachita kulifufuza ndi manja.

Kalata yanu inafika, ndipo takondwa kuti mwapeza mbeta. Bambo akuti Geneviève ameneyo ndi wolimba mtima povomera mwamuna wonunkha wonga. Munapempha kuti nditumize masipuni anu atatu asiliva, mwa asanu ndi imodzi aja anatisiyira malemu mayi. Achimwene, mukamasula kansalu kamene ndatumiza ndi kalatayi mupezamo imodzi yokha. Musakwiye musanamalize kuwerenga.

Mukukumbukira zimene bambo ankatiuza tikamawapopera mvukuto? Agogo Mathurin anatsika chombo chochokera kutsidya kwa nyanja ali ndi nyundo ziwiri ndi chidindo chodindira mipope ya mfuti. Za siliva sankazidziwa. Anayamba n'kukhoma timaluwa tasiliva pamatako a mfuti za akuluakulu a asilikali. Atafika agogo aakazi pa chombo cha atsikana odzakwatiwa, agogo aamuna anawapangira chikho chasiliva. Podinda dzina anatenga chidindo cha mfuti chija n'kumenya ngati akumenya chitsulo, pansi pa chikho n'kutumphuka. Chikhocho sichinakhazikikenso patebulo. Agogo aakazi ankati anakwatiwa ndi mwamuna wopanga zikho zoledzera.

Chaka cha njala anachisinthanitsa ndi tirigu, bambo akadali mwana. Ife tinkangochimva m'nkhani.

Mwezi wa February kunabwera mayi Lagacé, amasiye aja a kutsidya, ndi siliva wakale m'kathumba, kuti timusungunule tiwapangire mtanda ndi zomangira nsapato za mwana wawo. Monga mukudziwa, kuno siliva watsopano amachokera mwa wakale. Bambo anandiuza kuti ndiyeze pasikelo, ndiponye mumphika, iwo n'kupita kwa ansembe.

Nditakhuthula kathumbako, kachikho kakuda kanayamba kugwedera pathabwa. Ndinakagwira, n'kukasiya, kakugwederabe. Potembenuza ndinaona zilembo za agogo, zazikulu ngati za pamfuti. Ndinakhala pansi. Moto unali utakolera kale.

Inu mukundidziwa, sindikanatha kuthamangira mayi Lagacé kukawapempha. Ngakhale kwa masisitere ndinkalephera kupempha choko. Ndinakwera kuchipinda n'kutenga masipuni anga atatu kuti alowe m'malo mwa chikhocho, koma sikelo inakana. Ndinawonjezera yanu imodzi, inakanabe. Pa yachiwiri m'pamene inalingana. Ndinaponya onse asanu mumphika ndisanaganize bwino, ndipo ndinaona zilembo za dzina la mayi zikusungunuka. Mayi Lagacé analandira siliva wawo wokwanira. Amene ndinamulanda ndinu.

Chikhocho ndinachibisa m'bokosi la ufa masabata atatu. Tsiku lina masana, tikudya msuzi wa nsawawa ndi nsomba youma ya mkunga, ndinachiika patebulo. Chinagwedera. Bambo anasiya kutafuna, natembenuza khutu, n'kundiuza kuti ndichigwedezenso. Kenaka anapempha kuti ndiwapatse m'manja. Anasisita pansi pake ndi chala nthawi yaitali, n'kunena kuti mdala ameneyu mpaka kufa sanaphunzire kumenya pang'ono. Anaseka, koma msuzi sanamalize.

Madzulo ake anandiuza zambiri zimene sitinamvepo. Akuti tsiku logulitsa chikho agogo aakazi anachinyamula okha, atachikulunga m'mpango, ndipo pobwera ndi thumba la tirigu sanalankhule ndi munthu mpaka Lamulungu. Akuti agogo aamuna anawapangira china chowongoka bwino, koma iwo anachikana, amvekere chimenecho n'cha mlendo.

Nditawaululira za masipuni, bambo anati ndine mbala ya m'nyumba, ndipo kalata yopepesa ndilembe ndekha. Anawonjeza kuti ndikuuzeni kuti banja latsopano sipuni imodzi imakwana, muzidyera mosinthana monga anayambira iwo ndi mayi.

Ine sindikuseka, achimwene. Masipuniwo anali a mayi, ndipo anali anu. Ngati mtima wanu sukulola, nenani. Bambo akuti chikho chikhoza kusandukanso masipuni tsiku limodzi, ndipo mvukuto ndidzapopa ndine. Koma ndikupempha, musayankhe pakalata. Bwerani ndi mabwato madzi asanaundanenso, inu ndi alamu, mudzamweremo kamodzi. Mukadzachiika patebulo n'kuchimva, ndiye mudzanene.

Mundiperekere moni kwa alamu Geneviève ndi makolo awo. Muwauze kuti wolakwa ndine, asakuyeseni waumbombo. Ambuye akusungeni pamadzi ndi pamtunda.

Ndamaliza Lachiwiri, pa 9 May 1741, belu la masana likulira. Bambo akuitana, akuti ndiwathirire madzi m'chikho choledzera.

Ine mlongo wanu,
Ursule