Lamba wa pa Kabati ya Mfuti

Darwin,
24 Novembala

Okondedwa achimwene Rowan,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Glenys. Bondo lija linasiya kuvuta? Kuno tili moyo, koma ndinganame nditati tili bwino. Mvula ikungotinyenga. Mitambo imasonkhana masana, kugunda, kenako n'kubalalika osagwetsa ngakhale dontho. Anthu mumzinda muno akupsa mtima ndi zinthu zopanda pake, ndipo woyamba ndine.

Chinyezi ndiye musanene. Nsapato zachita nkhungu, mchere ukukana kutuluka m'botolo. Sabata yatha ndinapeza diresi langa lakuda, lija ndinavala pamaliro a amayi, litachita nkhungu mpaka m'khosi. Ndinaima nalo m'manja nthawi yaitali, ndipo chiyambire tsikulo mtima sukukhazikika.

M'phukusi muno mupeza lamba wakuda wokulunga, timatumba ta mikanda ndi kandodo kamagetsi. Musazitaye poganiza kuti dzuwa la kuno landizungulitsa mutu. Ndi za kabati yachitsulo ija tinagulira bambo yosungiramo mfuti, yosagwira moto ija.

Lamlungu ndinawaimbira foni. Ndinadabwa kuwamva ali osangalala, chifukwa mukudziwa kuti bambo akasangalala ndiye kuti pali chimene aphwasula. Akuti anatsegula kabatiyo n'kupeza timadontho ta dzimbiri pa mfuti ya amayi. Kenako anati, "Iwe Merrin, chikabati chako chija ndachikonza. Chimphira chinali pachitsekocho n'chimene chimaitsamwitsa mfuti ya mayi ako. Ndachisenda chonse ndi mpeni wa ziboda za nkhosa, pano ikupuma bwinobwino." Ndinangoti zikomo, chifukwa nanenso sindinkadziwa ntchito ya lamba anasendayo.

M'mawa mwake mtima unakana, ndinapita kwa a Manoli, achikulire ena okonza maloko amene amakhala mumsewu wathu. Nditawafotokozera anagwira mutu n'kuti, "Mayo ine! Bambo akowo ndi aja amachotsa denga chifukwa m'nyumba mwatentha eti?" Ndinaseka, iwo n'kuyamba kundifotokozera.

Akuti lamba uja si mphira wamba. Moto ukafika amafufuma n'kutseka mpata wonse wa pachitseko, kuti utsi ndi kutentha zisalowe. Popanda iyeyo, kabatiyo ndi uvuni chabe. Dzimbirilo silinabwere ndi lamba ayi. M'makoma a kabati zotere amaikamo zinthu zonga laimu zosunga madzi, zoti pamoto zizitulutsa nthunzi, ndiye kabati imachita thukuta m'kati, makamaka ikakhala yatsopano. Onjezerani kuti bambo anaikhomera pa simenti yozizira ya m'chipinda chochapira, pafupi ndi makina. Safunsa anadya phula, achimwene, ndipo apa bambo adya chisa chonse.

Tsono apa ndi pamene ndinaonjezera mavuto. Ndinawaimbiranso n'kuwauza zonsezi ndili wokwiya. Nditamaliza ndinkati ndawagonjetsa. Kenako anayankha mofatsa kuti ngati kabatiyo singatetezenso mfutiyo, ndiye kuti moto ukabwera iwo sachoka panyumba, aiteteza okha ndi paipi ya madzi. Anadula foni, ndipo mpaka lero sakuyankha.

Inu munalipo chaka cha moto chija, ine ndinangomva. Munawakweza kale m'galimoto, iwo n'kutsika kuthamangira m'nyumba kukatenga mfuti imeneyi, denga la khola likuyaka. Manja awo mumawadziwa bwino, zala ziwiri zinapsa zija sizinawongokenso. Kabatiyo tinaigula pa chifukwa chimodzi chokha, kuti tsiku lotero adzatseke chitseko n'kumapita.

Sindikuwanyoza. Nanenso ndimaikumbukira mfutiyo ili paphewa la amayi nthawi yoswa nkhosa, akuzungulira mpanda kusaka nkhandwe, ife tikuwatsatira m'mbuyo. Chogwirira chake chinasalala ndi dzanja lawo. Ndikudziwa kuti bambo akamaipaka mafuta sakhala akupaka chitsulo chokha. Koma alamu andiuza kuti udzu wauma kale kuyambira ku Buchan mpaka kumapiri, damu latsika, ndipo makungwa a bulugamu ali mbwee kuseri kwa nyumba. Ine ndili kutali kuno, ndikungoyang'ana mapu a moto pa foni ngati kuti kuyang'anako kugwetsa mvula. Ndili ndi mantha, achimwene, sindikubisirani.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa bambo sabata ino, musadikire Khirisimasi, mukaike lambayo iwo akuona. Mupale zomata zakale zija, mupukute pauma, mumate watsopanoyo kuzungulira chitseko chonse osasiya mpata m'makona. Chitseko chikamalimba potseka musadandaule, ndi mmene chiyenera kukhalira. Kandodoko mukaike pansi m'kabatimo, kamangofunditsa pang'ono kuti chinyezi chisakhale pa chitsulo. Mikandayo imayamwa chinyezi. Ikasintha mtundu aziiyanika mu uvuni n'kuibwezeramo, ndipo muwauze kuti si maswiti. Dzimbiri lili pa mfutilo ndi laling'ono, a Manoli akuti lichoka ndi mafuta ndi kansalu.

Koma musayambe ndi kumata. Bambo sakhulupirira za kumva, makamaka zochokera kwa ine, amene amati ndinathawa nkhosa kukakhala ndi ng'ona. Ndaikamo kachidutswa kena ka lambayo kapadera. Mukakaike pa njerwa panja, kutali ndi udzu, muwapatse machesi ayatse okha. A Manoli anandionetsa pakhonde pawo. Kanthu kopyapyala kanatupa ine ndikuona mpaka kunenepa kuposa chala changa, kakuda bii. Anandiuza kuti, "Waona mwana wanga? Ameneyu safuna womuthandiza. Ntchito yake amagwira eni ake atathawa." Mawu amenewo mukawauze bambo monga mmene alili.

Akakana, musakangane nawo monga mumachitira, nonsenu mitu yanu ndi ya mwala. Muwasiye alamu alankhule, bambo amawamvera. Ndipo tsiku limene uthenga udzalire pa foni kuti anthu achoke, musadzawafunse maganizo. Mudzawakweze, galu pambuyo, mpaka kutauni ya Bairnsdale, ndipo ulendo uno mudzakhome zitseko za galimoto.

Diresi lija sindinalichape. Ndinalikulunga m'pepala n'kulitaya kudzala, ndipo mwamuna wanga atafunsa ngati tikagule lina ndinamuuza kuti ayi. Mukawauze bambo kuti mwana wawo alibe chovala chakuda, ndipo chaka chino sakufuna kulowa m'sitolo kukachifuna.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa azakhali a Thelma, ndi kwa ana onse. Mwamuna wanga akupereka moni, akuti mphika wa nkhanu ukukudikirani mukadzabwera nyengo yozizira. Bambo muwapsompsone pachipumi ngakhale akalipe. Mukamaliza kumata mundiimbire, ndikufuna ndimve ndi makutu anga chitsekocho chikutsekeka.

Ndine mlongo wanu wosagona tulo,

Merrin