Chulu cha Kuseri kwa Khitchini

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga. Ndikungofunsa mwa mwambo, poti pachithunzi watumizachi masaya akuchita kung'anima. Kuno alamu ako akadali pa ntchito yolondera nyama m'nkhalango yotetezedwayi. Ine ndilipo. Amene sali bwino ndi mwana wanga wachisamba.

Kalata yako ndailandira, pamodzi ndi kabuku ka kafukufuku wako. Akuti mitundu khumi ndi isanu ya tintchentche ta mumchenga, yonse m'nkhalango yathu ino! Akuti anzako ophunzira anakuombera m'manja. Tathokoza, a dokotala a ntchentche.

Ukumbukira chaka chatha unagona pabalaza pathu masabata atatu, ukupachika misampha yako ya nyale m'mitengo? Msampha umene unkadzaza kwambiri unali wa pachulu cha kuseri kwa khitchini, pomwe mwanayu amasewera madzulo. Nditanena kuti chuluchi chichoke, unagwira mutu. Unati chimenecho ndi chuma, ndisachikhudze. Ine kupusa, ndinamvera munthu wa sukulu.

Ukumbukiranso neti yako ija, ya timabowo tosaoneka ngati sefa ya tiyi? Ndinakuseka kuti ukubanika, iwe unangoti sukonda kulumidwa. Pochoka unaipinda bwinobwino n'kuilonga m'chikwama. Ife tinatsala ndi yathu yakale yotha mankhwala, imene tintchentche takoto timangolowamo osaodira.

Tsopano tamva. Mwanayu watentha thupi miyezi iwiri. Mimba yatupa mbali ya kumanzere, manja atsala mafupa okhaokha, yunifolomu ikumukhwepa. Malungo amuyeza katatu, mulibe. Namwino wina amene anagwirako ntchito kutali ananditengera pambali. Anati zikufanana ndi nthenda yotchedwa kala-azar, yobwera ndi tintchentche toluma, ndipo ikapanda mankhwala imapha. Koma adokotala akuti nthendayo kuno sinamvekepo, ndiye zoyezera zake sangaitanitse popanda umboni.

Umboniwo unali pathebulo panga. Alamu ako anandiwerengera kabuku kako mawu ndi mawu. Patsamba lachisanu ndi chimodzi unalemba kuti mitundu iwiri mwa imeneyo imafalitsa nthendayi, ndipo yochuluka unaigwira pafupi ndi nyumba ya antchito. Nyumba ya antchitoyo ndi yanga, iwe. Unadyamo, ndinkakuchapiramo masokosi. Anthu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma iwe kako unakabisa m'thumba kuti ukakaonetse kwa okuombera m'manja. Ndakunyoza mumtima, ndipo sindikubisa.

Ndikuuze ndekha usanamve kwa ena: Loweruka ndinatenga khasu, chuma chako chija ndinachigumula mpaka pansi. Bwana wa nkhalango waitanitsa alamu ako, akuti muno ngakhale chiswe n'chotetezedwa. Alamu ako anangomufunsa ngati ana nawonso ali pa mndandandawo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndikukupempha ngakhale sindikufuna. Kabuku kako adokotala anangokatembenuza n'kundibwezera, akuti akufuna kalata yochokera kuntchito kwako, ya chidindo. Lemba lero. Utchule nthendayo, utchule nyumba yathu, mwachidule ngati wolankhula ndi anthu. Uipatsire pabasi ya Lachinayi, alamu ako akadikira pa siteji.

Zija walemba kuti mtundu umodzi ndi watsopano, ndipo ukufuna kuutcha dzina la mwanayu kuti lisadzaiwalike, usayerekeze. Dzinalo mwini wake akuligwiritsabe ntchito.

Upereke moni kwa mlamu wanga ndi ana. Mulungu awasunge, agone mu neti yabwino. Wodwalayu akuti moni kwa amalume. Akufunsa ngati tintchentche unagwira pachulu pake tija tinafika bwino. Udzamuyankha wekha.

Ndine,
Mlongo wako wamkulu